Ntchentche za a Dairekita

Ndine ndinawabweretsa anthu aja. Ndiyambire pamenepo, chifukwa kwathu alipobe ena amene amati anawaitana ndi amayi, ena amati ndi akuluakulu a kutchalitchi. Ayi ndithu, ndi ine Fatsani. Abambo amati dzina limeneli linangowonongekera pa ine.

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 8. Linali Loweruka, ndipo amayi anandituma ku Chinakanaka kukagula mchere ndi sopo. Pafupi ndi amayi ogulitsa nanazi panaima galimoto yoyera, yamatayala akuluakulu. Munatuluka anthu awiri, dalaivala n'kutsala m'kati. Woyamba anali bambo wonenepa, wa chipewa chofiira, wonunkhira mafuta opopera moti ukamudutsa umayetsemula. Mnzake ankamutchula kuti a Dairekita. Wachiwiriyo anali mnyamata wamtali, wosalankhulalankhula, dzina lake Lenadi, ndipo paphewa pake panali kamera.

Kamera yeniyenitu, osati ya pafoni. Ine chiyambire ndinkafuna kudzakhala wojambula. Ku maukwati anzanga ankathamangira mpunga, ine ndinkangotsatira munthu wa kamera mpaka andithamangitse. Ndiye nditaona chinthu chija, mchere ndi sopo zinachoka m'mutu.

A Dairekita ankafunsa amayi a nanazi ngati akudziwa banja lovutika kwambiri. Anati akujambula kanema wa bungwe lina lothandiza anthu, ndipo mudzi umene uoneke pa kanemayo udzalandira mjigo. Amayi aja ankangoyang'anana. Ine ndinalowerera.

"Bwana, ine ndikudziwa nyumba. Anthu ake ndi ovutika zedi, mwana wawo wamwamuna amamutuma kumsika wapansi tsiku lililonse."

"Kutali?"

"Pafupi pompa. Koma mundilole ndigwire kamera."

Anaseka, nanditsegulira chitseko. Ndinawalondolera bwinobwino mpaka pakhomo pathu.

Amayi ataona ndikutsika m'galimoto anagwira pakamwa. A Dairekita atazindikira kuti nyumba ya anthu ovutikayo ndi yathu, anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana nyumba. Inali ya njerwa zowotcha, ya malata, padenga pali kasola kakang'ono. Abambo amagwira ntchito ku esiteti ya tiyi, ndipo malata aja anawagula limodzilimodzi. Sitinali olemera, koma sitinkagona ndi njala.

"Iyi ayi," anatero a Dairekita. "Ikuoneka bwino kwambiri." Ananena ngati ndi mlandu. Kenako maso awo anagwera pa khitchini yathu yakale yaudzu, yakuda ndi mwaye, imene munkagona abakha. Nkhope yawo inawala. "Eya! Nyumba ndi imeneyi. Lenadi, tikhazike apa."

Mbiri ya mjigo inali itafalikira kale. Anthu anadzaza kuseri kwa mpanda, ndipo amayi ena anayamba kunena mokweza kuti, "Amake Fatsani, musatikanire madzi." Amayi anga akanatani? Anavomera ndi mutu.

Poyamba ine ndinkasangalala. Lenadi anandilola kusuzumira m'kamera. Ndinaona phiri lathu litalowa lonse m'kagalasi kakang'ono, mitambo itakhala paphewa pake. Anandionetsa mmene amazunguzira galasi kuti chapafupi chioneke bwino, chakutali chizimiririke. Kenako anandipatsa ntchito: kugwira ndodo yaitali, kunsonga kwake kuli maikolofoni yovala chikopa chaubweya wotuwa. Ana onse pamudzi anangoti ndi khoswe. Ndinaima nditakweza khoswe wanga m'mwamba, chifuwa panja, kuti anzanga andione.

Ndiye zonyansa zinayamba.

Mipando ya pulasitiki anati ibisidwe. Wailesi ibisidwe. Mbuzi zimangidwe kuseri, zikuoneka zonenepa. Amayi anali atathamangira m'nyumba kukavala chitenje chawo cha kutchalitchi, poti munthu akamajambulidwa amatchena. A Dairekita anawabweza.

"Mayi, mulibe china chong'ambika? Chimene mumavala kumunda."

Amayi anatuluka atavala chitenje chimene tinkaphimbira mbatata. Sanandiyang'ane. Akanandiyang'ana bwenzi zili bwinoko.

Atangoyamba kujambula, tambala analira, ndipo a Dairekita anakuwa kuti, "Kati!" Amayi ananyamuka pa mphasa n'kukaima pakati pa bwalo, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu.

"Mayi, mukupita kuti?"

"Si mwati pakati?"

Anthu onse anaseka, ine ndinaseka mpaka khoswe anagwedera. Lenadi anafotokoza mofatsa kuti mawuwo ndi a Chingerezi, amatanthauza kuti aleke kujambula. Koma a Dairekita anatembenukira kwa dalaivala wawo n'kunena m'Chingerezi mawu ena okhudza anthu akumudzi. Ankayesa kuti palibe akumva. Ine Chingerezi cha mayeso chinkandivuta, koma cha kutukwana ndinkachimva bwino.

Kenako anaona Tadala, mlongo wanga, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Anali atakhala pakhonde, akudya chinangwa, atavala nsapato zake zapinki.

"Uyu ndiye nkhani yathu," anatero. Anamuvula nsapato okha, ndi manja awo. Anatapa phulusa pa mafuwa n'kumupaka m'miyendo ndi m'masaya. Tadala ankangoseka, poganiza kuti ndi masewera. "Tsono mayi, mukhale naye apa. Ndikakufunsani, munene kuti mwanayu ndi wamasiye. Bambo ake anamwalira, inu mukungomusunga."



"Bambo ake alipo," amayi anayankha pansipansi. "Ali kuntchito. Abwera masana ano."

"Ndikudziwa, mayi. Ndi kanema chabe. Azungu akaona mwana woti bambo ake alipo satulutsa kanthu."

Munthu ameneyu sankadziwa chimene ankapempha, kapena ankadziwa koma analibe nazo ntchito. Kwathu munthu wamoyo sumunenera maliro. Ngakhale pocheza, ukanena kuti uje wafa pamene ali moyo, akulu amakulavulitsa malovu pansi. Ndiye mkazi anene yekha ndi pakamwa pake kuti mwamuna wake anafa, mawuwo atsekeredwe m'kamera, azikabwerezedwa tsiku ndi tsiku m'mayiko a eni. Nanga abambo akadzagwa panjinga mawa, anthu adzati anawalodza ndani?

Amayi anayang'ana kumpanda. Munthu wina anatsokomola n'kunena kuti, "Mjigo, amake Fatsani." Ndinadziwa kuti amayi anena.

A Dairekita anasuzumira m'kamera n'kupukusa mutu. "Chikusowa china. Iwe mnyamata, siya ndodoyo. Kasungunule shuga m'kapu ya madzi, wambiri. Timupake mwanayu kukamwa ndi m'maso."

"Kuti chiyani, bwana?"

"Ntchentche. Nkhope yopanda ntchentche sigwira mtima."

Ndinayang'ana Lenadi. Iye ankapukuta galasi limene linali loyera kale.

Foni ya a Dairekita inalira. Kunja kunkatentha, ndiye anavula chipewa chija n'kuchiika pa mtondo, n'kupita pansi pa mtengo wa mapeyala kukalankhula ndi mabwana awo. Ine ndinanyamula kapu, ndinanyamulanso khoswe wanga, ndipo podutsa pa mtondo chipewa chinanditsatira chokha.

Kuseri kwa khitchini kunali chitini cha madzi otsukira nsomba za makumba za dzulo lake, matumbo ndi mamba zili momwemo. Amayi ankasungira abakha. Chinali chitakhala padzuwa m'mawa wonse, pamwamba patachita thovu lobiriwira. Nditachivundukula ndinatsala pang'ono kusanza, koma munthu ukakhala pantchito umapirira. Ndinaviika chala n'kupaka bwinobwino m'kati mwa chipewa, m'mphepete muja mumakhala thukuta. Khosweyo ndinamumiza mutu wonse, n'kumufinya pang'ono kuti asadonthe. M'kapu ndinathira madzi a mumtsuko, oyera, opanda ngakhale kambewu ka shuga.

Ndinabweza chipewa pa mtondo. A Dairekita anabwera, anachivala, n'kupaka Tadala madzi aja ndi chala. Kenako anakwinya mphuno.

"Mmm! Kumudzi kuno kununkha bwanji! Anthu inu mumakhala bwanji?"

"Tinazolowera, bwana," ndinayankha mwaulemu.

Anati tidikire ntchentche. Sizinachedwe. Zinabwera zazing'ono za m'nyumba, zinabwera zobiriwira zija za kuchimbudzi, zonenepa, zolira ngati njinga yamoto. Zinamudutsa Tadala ngati sizikumuona. Zonse zinakatera pa chipewa chofiira. A Dairekita anakupiza dzanja. Zinauluka, zinabwerera ndi abale awo. Zina zinatsikira pamphumi pamene thukuta linkayenderera ndi msuzi wa makumba, ina inalowa m'khutu, ina inakhala pa mlomo wawo n'kumapukuta manja.

"Mayi, yang'anani kuno. Mwanayu bambo ake... pthu! Bambo ake ali... pthu! Kati! Kati!"

Tadala anawaloza ndi chinangwa chake. "Amayi, abambowa ndi amasiye?"

Kumpanda kunaphulika. Amayi ena anakhala pansi ndi kuseka. Ine ndinaima nji, ndodo m'mwamba, nkhope ya munthu wa ntchito. Koma mikono inatopa, ndipo khoswe anayamba kutsika pang'onopang'ono. Galu wathu Tiwaone anali atamuyang'anitsitsa kwa nthawi ndithu, dovu likutuluka. Analumpha kamodzi kokha. Chikopa chija chinavuka, maikolofoni inatsala yamaliseche, Tiwaone n'kulowa nacho m'munda wa nandolo. A Dairekita anamuthamangira, mtambo wa ntchentche uli pambuyo pawo, akukuwa mawu amene sindingalembe pano.

Nditayang'ana Lenadi, kanyali kofiira ka kamera kanali kakuyakabe. Ankawatsatira bwana ake ndi galasi, mosamala, mapewa akugwedezeka.

Abambo anafika ndi njinga yawo chipwirikiti chili pakati. Anaona akazi awo atavala chitenje cha mbatata, mwana wawo ali mbuu ndi phulusa. Amayi anawauza zonse, osasiya ndi mawu amodzi omwe. Abambo si munthu wokuwa. Anadikira a Dairekita atuluke mu nandolo, chikopa chong'ambika chili m'manja, n'kuwapatsa moni mwaulemu.

"Pepani bwana, ndine malemu. Ndamva mumandifuna."

A Dairekita anali atanunkhiza chipewa chawo ndipo anali atadziwa. Anachiponya pansi, anandiloza chala, nati mjigo tiuiwale. Galimoto inanyamuka ndi fumbi. Lenadi polongedza mawaya anandinong'oneza kuti, "Mphwanga, ndodo umagwira bwino. Koma usamatsitse mkono."

Mjigo sunabwere, ndipo alipo amene sanandipatse moni mpaka mvula inagwa. Ndinamva kuti anthu aja anakajambula mudzi wina kutsidya, ntchentche zake zonse zili m'malo mwake. Akumeneko akutungabe kumtsinje ngati ife.

Pano ndili Fomu 4, ndipo Loweruka ndimanyamulira zida munthu wina wojambula maukwati ku Chonde. Ndikufunabe kudzagwira ntchito ku wailesi ya kanema, ndipo ndidzagwira. Chimene ndinatola tsiku lija n'chakuti ntchito imeneyi siyambira pa batani. Imayambira pa zimene wauza munthu kuti avule, abise, anene, kamera isanayake. Ndikaona pa kanema mwana wa ntchentche m'maso, anzanga amati kalanga ine. Ine ndimafunafuna pamene abisa nsapato zake.

Chilango ndiye ndinalandira. Abambo anati za chipewa alibe nazo mawu, koma kuitanira alendo pakhomo ndi bodza, kuchititsa amayi manyazi, ndi kuiwala mchere, zimenezo sizingapite chabe. Anatola chipewa chija ndi kamtengo n'kundiveka.

"Poti umafuna udairekita, nawu. Ubwerere ku Chinakanaka wapansi, ukagule mchere ndi sopo. Ukachivula panjira ndimva."

Ananena atatembenukira kumbali, ndipo ndinaona tsaya lawo likugwedera.

Ndinapita. Dzuwa linali pamutu, msuzi wa makumba ukutsikira m'khosi, ntchentche za midzi itatu zikundiperekeza, Tiwaone ali pambuyo ndi chiyembekezo. Ana anayamba kunditsatira atagwira mphuno. Ndiye ndinatulutsa mimba, ndinapanga kabokosi ndi zala n'kumasuzumiramo aliyense wokumana naye. Pamsika amayi a nanazi anandithamangitsa ndi tsache, akuti ndikuwaonongera malonda. Ndinaima pakati pa msewu, ndinakweza dzanja, n'kukuwa ndi mawu onse:

"Kati!"

Agogo ena amene ankadutsa ndi dengu la nthochi anaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kusunthira pakati.