Kachitsulo ka pa Kiyi ya Malemu

Inu amene mwagwira tsaya, mukuti dziko lakutherani chifukwa munthu amene mumadalira wapita, khalani tsonga mumve za Make Mapasa.

Pasanathe masabata atatu mwamuna wake atamwalira, mlamu wake anatulukira pakhomo ndi bambo wina wogula zitsulo zakutha. Odi sanamudziwe. Zoti ana adya kapena ayi sanafunse. Analunjika pakhonde pamene panaima njinga yamoto ya malemu, njinga yakalekale, yakuda, yolemera ngati ng'ombe. Kwa zaka khumi ndi zisanu njinga imeneyi inkanyamula buledi kuchoka kubekale kupita m'magolosale, ndipo ndiyo inkadyetsa nyumba ija. Koma tsopano inali itasiya kulira.

Anaipha ndi mlamu yemweyo. Anthu atangobalalika pamaliro, iye anaikwera kukadzionetsera kumsika. Inakamuzimira panjira, n'kubwera akukankha, thukuta lili kamukamu. Pofuna kubisa manyazi, anadula kachitsulo kopyapyala kamene kanali komangirira pa kiyi, n'kukaponya pabwalo. Amvekere, "Zithumwa za achimwene izi, ndi zimene zatseka njinga." Make Mapasa anakatola. Za ntchito yake sanaganize n'komwe. Anakatola chifukwa kanali ka mwamuna wake, basi.

"Alamu, ichi tsopano n'chitsulo chabe," anatero mlamuyo tsiku limene anabwera ndi wogula zitsulo uja, akumenya thanki ndi chikhatho. "Mwini wake wapita, nacho chapita. Tichotse, chikungokudzazirani khonde."

"Khonde lake la ndani? Munamanga ndinu?"

"Nanga mukwera ndinu? Ndi siketi yanuyo? Kubanja tagwirizana kale. Ikapanda kulira pofika Loweruka, ndibwera ndi lole."

Limeneli linali Lachiwiri.

M'mawa mwake Make Mapasa anakankha njinga ija mpaka kugalaja ya makaniko wina amene ankadzitcha Dokotala. Dokotala anasintha pulagi. Zii. Anasintha koyilo ya magetsi. Zii. Anatsegula kachivundikiro ka m'mbali mwa injini, n'kumapisamo zala zagirizi, kumasula apa, kumanga apo, iye mwini osadziwa chimene akufuna. Kenako anapukuta manja m'thalauza.

"Mayi, njinga izi zinapita ndi agogo athu. Za masiku ano zili ndi kabokosi, ukasintha kabokosi yalira. Iyi ndi ya mapointi. Ndani ali ndi nthawi ya zimenezo? Pitani mukaphike nyemba."

Amuna amene anali pabenchi anaseka mpaka wina kutsamwa. Amuna akuluakulu, a ndevu zawo, kuseka mayi wamasiye amene akufuna kudyetsa ana ake! Panalibe ndi mmodzi yemwe anaimirira kuti amuthandize kukankha pachitunda. Anakwera yekha, mtima ukuwira ngati madzi a pamoto.

Ali pachitunda pomwepo anakumbukira. Mwezi uliwonse, Lamlungu masana, malemu ankamuitana: "Make Mapasa, tabwera undipondere kiki." Iye ankabwera akung'ung'udza, poti ndiwo zinkapserera. Malemu ankachotsa pulagi, kuigoneka painjini, n'kumayang'anitsitsa kunsonga kwake mkazi akuponda kikiyo, chitsulo cholizira injini. Moto ukathetheka wabuluu, ankaimba mluzu. Ukakhala wachikasu, wofooka, ankakhala pansi n'kutsegula kachivundikiro kaja.

Lachinayi mapasa atapita kusukulu, anakankhira mipando kukhoma n'kulowetsa njinga pabalaza. Anatseka makatani kuti moto uoneke bwino. Koma munthu mmodzi angaponde bwanji kiki kwinaku akuona pulagi? Anakatenga galasi lake la kuchipinda, lija ankadziyang'anirapo popita kutchalitchi, n'kuliimika pampando moyang'ana injini. Anaponda. M'galasi munalibe kanthu. Anapondanso mpaka msana kuwawa. Ngakhale kamoto ka machesi, ayi.

Anatsegula kachivundikiro. M'katimo anapezamo tizitsulo tiwiri tokhala ngati milomo ya mbalame. Amenewa ndiwo mapointi. Injini ikamazungulira amayasama n'kutseka, ndipo akayasama ndi pamene moto umathetheka papulagi. Awa anali akuda bii, odzola girizi wa m'zala za Dokotala, ndipo atakankha kiki ndi dzanja pang'onopang'ono anaona kuti sakuyasama n'komwe.

Anapinda kasandipepa n'kupala milomo ija mpaka inayera. Anapukuta ndi kansalu konyowetsa petulo. Anang'amba pepala m'kope lakale la mapasa n'kumalidutsitsa pakati mpaka linatuluka loyera. Tsopano vuto linali limodzi: ayasame motani? Anamasula kasikulu n'kuwayasamitsa kwambiri. Zii. Anachepetsa. Zii. Tsiku lonse linathera pamenepo, zala zili mabala okhaokha.

Lachisanu anakhala pansi n'kumangoiyang'ana. M'maso mwake munabwera dzanja la malemu lili m'kachivundikiro muja, kiyi ikulendewera kuchala. Kiyi ankaifuniranji m'mbali mwa injini, momwe mulibe loko?

Anathamangira kuchipinda, n'kukhuthula kachikwama kake pabedi. Kachitsulo kaja. Atakapenda pawindo anaona timanambala tofufutika. Chithumwa chake chiti? Kanali koyezera! Munthu wamkulu, wovala jekete, kutaya chida cha mbale wake n'kumati ufiti, chifukwa choti mutu wake ndi wongonyamulira chipewa.

Anazunguza injini mpaka milomo ija inayasama pothera pake. Analowetsa kachitsulo pakati, n'kusendeza mpaka kankadutsa mogwiragwira pang'ono, osati mothina, osati mogwedera. Anamanga kasikulu. Poti pulagi inkatsetsereka, anagwira waya wake ndi dzanja n'kuponda kiki.

Magetsi anamumenya mpaka m'chigongono! Anakuwa, "Mayo ine!" n'kugwera pampando. Kenako anaseka. Chiikireni mwamuna wake kanali koyamba kuseka. Anapondanso, ulendo uno manja ali kutali, ndipo m'galasi munathetheka moto wabuluu, wonenepa, wolira kuti tche, tche.

Anabwezera pulagi, natsegula petulo, n'kuponda ndi mphamvu zake zonse. Injini inangoti phwaa, kiki n'kubwerera ngati bulu, kumumenya pakakolo. Mwendo unatupa nthawi yomweyo. Anakhala pasimenti n'kutukwana. Anatukwana mlamu. Anatukwana Dokotala. Anakalipira ndi malemu omwe: "Iwe, zaka zonsezi unkangoti ponda, ponda, osandiuza kuti chinthuchi chimaluma?"

Loweruka kutacha anakwawira panjinga paja, mwendo atamanga nsalu. Moto ulipo, koma ukubwera nthawi yolakwika, ngati mlendo wofika madzi asanawire. Anapukuta bwinobwino kambale kamene mapointi amakhalapo. M'mphepete mwake munali kamzere kokanda ndi msomali. Pathupi pa injini panalinso kamzere kena. Timizere tiwiriti tinali titasemphana, chifukwa Dokotala anasuntha kambale pogwiragwira paja. Malemu anasiya chizindikiro chake. Make Mapasa anamasula, n'kusuntha kambale mpaka timizere tinakumana, n'kumanga.

Akumaliza kumanga, lole inaima pabwalo.

"Alamu! Mpaka kuilowetsa m'nyumba? Mukugona nayo?" anatero mlamu ali pakhomo, wogula zitsulo akusekerera kumbuyo kwake.

Make Mapasa anakwinya siketi, nakwera. Anaponda ndi mwendo wotupa womwewo, misozi ili lengelenge. Kamodzi. Kawiri. Kachitatu njinga inabangula, mbale za m'kabati zinanjenjemera, utsi unadzaza pabalaza. Wogula zitsulo anavula chipewa, n'kubwerera kulole osatsanzika.

Mlamu anasendera pafupi. "Eee, ndiye poti yalira, mawa ndibwerekeko ndikafike..."

"Mungogwira chiwongolero ichi, muona chimene sipanala imachita pamutu pa munthu," anatero Make Mapasa, akumangiriranso kachitsulo pa kiyi. "Chithumwa chija ndi ichi. Tulukani, mukunditsekera mpweya."

Kuyendetsa anaphunzira movutika. Anagwa kawiri, ulendo wina buledi anamwazika mumsewu anthu akuombera m'manja. Anatola, napukuta fumbi pamapepala, n'kukweranso. Lero magolosale onse aja amalandira buledi m'manja mwake nthawi isanakwane. Loweruka pakhonde pake pamakhala mzere wa njinga zakale zimene amakaniko azikana. Dokotala nayenso amazitumiza komweko, ndipo akakumana pamsewu amayamba ndi iye kupereka moni: "Abwana, mwadzuka bwanji?"

Ndiye inu amene akukuuzani kuti mwatha, kuti chimene munasiyiridwa n'chitsulo chabe, musavomere. Amene amafulumira kunena kuti chafa, kawirikawiri ndi amene akuchifuna, kapena sadziwa kuchikonza. Munaona zambiri muli pambali, mukupondera ena kiki. Lirani, inde, koma mukalira pukutani maso, tsegulani kachivundikiro muone nokha. Chikakumenyani pakakolo, mangani nsalu, pondaninso. Mtima wanuwo osautaya, ndipo kiyi osaipereka kwa munthu.