Phala la Lorna Hrynyk

Lorna Hrynyk anagwira ntchito pakampani yathu yokonza zitsime za gasi ku Medicine Hat zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ndinkayendetsa lole ya mchenga. Iyeyo sukulu anailekezera panjira bambo ake atamwalira, ndipo analowa ntchito ngati wotsuka mabotolo mu labu. Pang'onopang'ono anafika pomasakaniza yekha madzi ong'ambira thanthwe.

Zitsime za gasi za kwathu kuno n'zosazama, pansi pake mpozizira. Madzi aja timawathira ufa wa nyemba zina zotchedwa guwa kuti alimbe ngati phala, anyamule mchenga n'kukausiya m'ming'alu ya thanthwe kuti isatsekeke. Kenako phalalo lisungunuke, lituluke, gasi apeze njira. Koma pozizira limangouma gwa! Mankhwala olisungunula analipo, koma mtengo wake eni zitsime zing'onozing'ono sankaufikira.

Chaka china phala lathu linatseka chitsime cha a Orval Stuber, bambo wachikulire amene anali ndi zitsime zitatu zokha. Lorna anawaona ataima pampanda, chipewa chili m'manja. Zinamupweteka mtima.

Anayamba kuyeserera kunyumba. Firiji yonse inadzaza mabotolo a jamu okhala ndi phala, lililonse ndi kapepala kake.

"Mayi, ndatsala pang'ono kupaka zinthu zanuzi pa buledi," anadandaula mwamuna wake, Delmer.

"Bola mukanapaka, mwina pakamwapo pakanatsekeka ndipumeko," anatero Lorna.

Nyengo yonse yachisanu inathera pamenepo. Pomaliza anapeza kuti ufa uchepe ndi theka, ndipo athiremo timadontho ta mankhwala ena otchipa amene amagaya phala ngakhale pozizira. Injiniya wochokera ku Calgary atamva anaseka.

"Ndiye tizipopera pansi za kukhitchini?"

"Bwana, inu mumayesera mu uvuni. Chitsimecho munayamba mwachigwirapo? Kuzizira kwake n'kwa firiji yanga."

Anamulola kuyesa pachitsime chimodzi. Tsiku lachitatu gasi anatuluka ndi mkokomo, tonse tinakuwa. Lorna anangokhala pansi pachitsulo cha lole yanga n'kupempha khofi.

Kampani inapatsa madziwo nambala, dzina lake silinalembedwe paliponse. Ife kutchire tinkangoti phala la Lorna. Gasi atatsika mtengo, labu inatsekedwa, iye n'kupuma ntchito manja ali ong'aluka ndi mankhwala. Pano akuweta njuchi kufupi ndi Redcliff. Mwezi watha ndinamupeza akukangana ndi Delmer za malo oika mng'oma watsopano.