Gule wa ndowa pa malilo a Gideon Mumba

Bambo Whiteson Daka amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango kuseli kwa msika wa ku Nyimba, ndipo pa Sondo amaimba ng'oma m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Ine ndinakulila pafupi ndi nyumba yawo. Ndikulemba za iwo chifukwa anthu amene sanawapatsepo moni anawaweluza pa foni, ndipo chiweluzo chimenecho chinatsala pang'ono kuwalanda ng'oma yawo.

Chimene a Daka amakonda koposa ndi makanema a magule odabwitsa a pa intaneti. Ntchito ikachepa masana, amatsamilitsa foni pa mpando wa njinga n'kumaonela agogo akutali ovina atavala majombo, kapena asodzi oimba nyimbo ndi mabotolo. Woonela nawo anali a Gideon Mumba, wogulitsa nthochi kwa okwela mabasi a ku Chipata. Awiliwa anali anungwe. Kwa ife Ansenga, anungwe ndi mabanja oikana malilo: wina akamwalila, anungwe ake ndiwo amakumba manda ndi kunyamula bokosi, ndipo ndi udindo wawo kuchita nthabwala kuti ofedwa asamile m'chisoni.

Kanema amene anawatenga mtima onse awili anali wa bambo wina wa kutsidya kwa nyanja, wovina chobwelela m'mbuyo atadzivundikila ndowa kumutu, mapewa akunjenjemela.

"Nungwe, bwezelani pamene wagunda khoma paja," ankatelo a Mumba, misozi ya chiseko ili m'masaya. "Tsiku limene ndidzafe mudzandivinile umenewu. Mukadzalila, ndidzadzuka ndikukwapuleni."

"Fulumilani kufa tsono," a Daka ankayankha. "Ndowa ndili nayo kale, ikuchita dzimbili."

A Mumba anamwalila m'nyengo ya dzinja atadwala kwa kanthawi kochepa, ndipo anakaikidwa kumudzi kwawo ku Nyalugwe. A Daka anakumba manda kuyambila m'mawa, manja mpaka matuza. Pochokela kumanda anapeza mkazi wa malemu, amai Consolata, atakhala pamphasa, akukana ngakhale phala. Pamenepo anatenga ndowa yotungila madzi, anaivundikila kumutu, nayamba kuvina chobwelela m'mbuyo pabwalo lonse mpaka anagunda nkhokwe. Amai Consolata anaseka, analila, kenako anaitanitsa phala lija.

Mlendo wina wochokela ku Lusaka anajambula guleyo, koma manda sanajambule, phalanso sanajambule. Anaika kanemayo pa intaneti ndi mawu akuti chidakwa chasokoneza malilo. Ndinawelenga zimene anthu analemba pansi pake, ndipo sindinaiwale. Anthu omwewo amene amaombela m'manja bambo wa kutsidya kwa nyanja uja wa ndowa kumutu, namutcha waluso, anatcha mkulu wa kwawo wamisala ndi mfiti. Palibe anafunsa kuti wovinayo anali ndani kwa womwalilayo. Kufunsa kumachedwetsa, pamene kunyoza kumangofuna chala chimodzi.

Nkhani inafika kutchalitchi. Mkulu wa mpingo, a Aaron Sakala, anaitanitsa msonkhano pambuyo pa mapemphelo, ndipo ng'oma anaiika pakona, kutali ndi mwini wake.

"Mwambo wa unungwe tikuudziwa, a Daka," anatelo a Sakala. "Mukanavina gule wa makolo, sitikanalankhula. Koma uyu ndi gule wa pa foni. Mpingo wachita manyazi mpaka ku Petauke. Muyambe mwapumula ku kwaya."

A Daka anatukula mutu pang'ono n'kuuwelamitsanso pansi. "Ndinalonjeza mnzanga, bambo. Zina ndilibe."

Ine mawu anali atandidzaza m'kamwa, koma ndisanaimilile, amai Consolata anadzuka kumbuyo, atavala zakuda. Palibe ankayembekezela kuti wamasiye abwela ku msonkhanowo.

"A Sakala, amene anafedwa ndinu kapena ine?"

"Ndinu, amai."

"Nanga amene wabwela kudzadandaula ndani? Anthu a pa foni aja anakumbako manda a mwamuna wanga? Mwambo umati nungwe aseketse wofedwa. Sunanene kuti avine gule wakuti. Gule uja a Mumba ankamuyeselela m'nyumba ndi mphika wanga wa ndiwo, mpaka anauphwanya khutu. Pamene ndinaona ndowa ija ikubwelela m'mbuyo, ndinaona mwamuna wanga. Mukawachotsa a Daka pa ng'oma, mundichotsenso ine pa benchi, chifukwa woyamba kuseka ndinali ine."

Amai ena a m'kwaya anayamba kung'ung'udza movomeleza. A Sakala anayang'ana akulu anzawo, koma aliyense anali atapeza choyang'ana padenga. A Sakala si munthu woipa. Anaopa alendo osaoneka kuposa mmene anamvela anansi awo, ndipo atazindikila zimenezo sanalimbikile. Anapita okha pakona paja, ananyamula ng'oma, naiika pamiyendo ya a Daka.

"Koma ndowa isalowe m'tchalitchi," anatelo.

"Nanga ya ubatizo ija, bambo?" anafunsa a Daka, ndipo msonkhano unabalalika ndi chiseko.

Kanemayo akadali pa intaneti ndi mawu ake abodza aja, ndipo wojambulayo sanapepese. A Daka akuimbabe ng'oma pa Sondo, akuonelabe magule awo masana, ngakhale mpando wa pambali pawo uli wopanda munthu. Amai Consolata akabwela kumsika amandiitana kuti ndiwatsegulile kanemayo pa foni yanga. Zolemba za pansi sawelenga.

"Bwezela, mwanangu," amatelo. "Bwezela pamene wagunda nkhokwe paja."