Wa Imvi Satumidwa

Ntchito yanga ndi kutumidwa. Anthu osandidziwa akandifunsa ndimati ndili m'gawo la zamtengatenga, ndipo amandipatsa ulemu mpaka atandiona ndikudutsa ndi chigubu cha madzi paphewa. Pa boda ya Mchinji mathiraki amaima pamzere kudikira mapepala, nthawi zina masiku angapo, ndipo dalaivala sangasiye katundu wa eni ake n'kumakayendayenda kumsika. Pamafunika miyendo ya munthu wina. Madzi osamba, makala, tomato, mayunitsi, fotokope, kukachapitsa ovolosi. Miyendo imeneyo ndi yanga. Ndisanafike pamenepa ndinakhalako ku koleji ku Lilongwe chaka ndi theka, kenako ine ndi kolejiyo tinagwirizana zosiyana mwamtendere, popanda kuvutitsa ankhoswe. Chomwe ndinatengako ndi Chingerezi chokwanira kuwerenga malangizo a pakapaketi ka dayi.

Imvi zinandipeza ndisanakwanitse zaka makumi atatu. N'zakumtundu. Kwathu kwa Zulu amalume anga onse mitu inayera asanakwatire, ndipo palibe anadandaula, poti chimanga sichifunsa zaka za wolima. Koma pa boda pali lamulo lomwe silinalembedwe pachikwangwani chilichonse: wa imvi satumidwa. Dalaivala akhoza kukhala wamwano chotani, wotukwana tayala mpaka mbalame kuthawa mumtengo, koma analeredwa ndi anthu. Pakamwa pake sipangatuluke mawu akuti "iwe, thamanga ukandigulire fodya" kwa munthu amene mutu wake ukufanana ndi wa bambo ake. Amayang'ana kumbali n'kuitana wina.

Ndiye ndinayamba kupaka dayi. Mayi akunyumba ankakagula kwa Kamwendo akapita kukaoda nyemba tsiku la msika, chifukwa kugula pagolosale ya pa boda n'chimodzimodzi kulengeza pachimkuzamawu. Mwambo wake unkachitika Lamulungu tikabwera kutchalitchi, kuseri kwa nyumba. Ine ndinkakhala pandowa yovundikira, malaya nditavula. Iwo ankavala majumbo m'manja, kusungunula ufa wakudawo m'kachivundikiro ka botolo, n'kutenga mswachi wakale.

"Weramani."

"Ndawerama."

"Kuwerama kwake kumeneko? Ngati mukulandira mgonero. Weramani ngati munthu wolakwa."

Ndinkawerama ngati munthu wolakwa, ndipo mswachi unkayamba ulendo wake kuchokera pachipumi mpaka kunkhongo.

"Anzanga anakwatiwa ndi amuna," ankatero. "Ine ndinakwatiwa ndi khonde lofuna kuzira."

"Khonde lomwelo ndi limene likubweretsa ndiwo."

"Musalankhule, mukugwedeza makutu."

Zinayenda choncho zaka zoposa khumi. Mapilo athu onse anada. Makolala a malaya anada. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, thukuta linkatsika m'khosi lili ndi mtundu, ndipo wina akafunsa ndinkati ndagundana ndi girisi pansi pa thiraki. Sindinganene kuti ndinkadzimva wachinyamata. Ndinkangodzimva ngati munthu amene ali ndi ntchito ziwiri, ina yolipidwa, ina ya Lamulungu.

Chilimwe chathachi mutu unakana. Kunayamba kuyabwa, kenako matuza m'mbali mwa tsitsi, kenako kuseri kwa makutu kunayamba kuchucha madzi. Kuchipatala ndinapeza adokotala achitsikana, amene anandiyang'ana m'mutu ndi tochi n'kufunsa chomwe ndimapaka. Ndinayankha kuti mafuta. Anangondiyang'ana. Ndinawonjezera kuti ndi zina. Anati thupi langa ladana nazo zinazo, ndipo ndikapitiriza tsiku lina nkhope idzatupa mpaka maso kutsekeka. Ndinafunsa ngati pali dayi wa anthu odwala. Sanaseke.

Wina anganene kuti bwanji osangometa mpala. Ndinaganizako. Koma lezala pachilonda ndi nkhani ina, ndipo pomwe ndinayesapo kale anthu ankandipepesa m'njira poganiza kuti kwathu kwagwa zovuta. Komanso imvi zometa sizichedwa. Pakangopita masiku ochepa mutu umaoneka ngati wadutsa pachigayo. Choncho ndinagula kapusi yakuya, yofika m'makutu, ndevu n'kumameta m'mawa uliwonse. Pansi pa kapusiyo zilonda zinkapola, ndipo tsitsi linkamera mmene Mulungu analifunira.

Pali dalaivala wina wa ku Zambia, wonyamula simenti, amene wakhala akundituma kuyambira kalekale. Ndi munthu wamkulu thupi, wamkulu kwa ine ndi zaka zingapo, ndipo mutu wake ndi wakuda bii mwachibadwa, zomwe ndimaziona ngati kusalungama kwa dziko. Akafika pa boda saitana wina. Amangotulutsa mutu pawindo n'kukuwa, "Iwe! Bwela kuno!" ndipo anzanga onse otumidwa amadziwa kuti iweyo ndine. Tsiku lina anali ataphika mpunga wa kapenta pambali pa thiraki, ndipo nditabwera ndi madzi anati ndikhale tidye. Ndinakhala pachigubu, iye pakampando kake. Munthuyu ali ndi vuto limodzi: sadya asanapemphere.

"Chotsa kapusi, iwe. Tipemphele."

Anali atatseka kale maso. Ndinaganiza zokana, koma sindinaleredwe choncho. Ndinavula. Anapemphera nthawi yaitali, anapempherera msewu, mabuleki, ana ake, ngakhale mapepala ake kuti atuluke msanga. Atati amen n'kutsegula maso, anapeza kuti akudya ndi munthu wina.

"Ah ah. Ba mudala."

"Ndine ndemwe, bwana."

"Zaka zonse izi nikutumani fodya? Nikuitanani iwe?"

"Ndine wamng'ono kwa inu. Chitupa ndili nacho m'thumbamu."

"Chitupa ni cha boma. Mutu ni wanu."

Anadzuka pakampando paja n'kundikakamiza kukhalapo, iye n'kukhala pachigubu, chomwe chinalira. Anandigawira kapenta wochuluka. Titatha kudya ndinatenga mbale kuti ndikatsuke monga mwa masiku onse, koma anandilanda ndi manja awiri. Kenako anatulutsa mutu kuseri kwa thiraki n'kukuwa, "Iwe! Bwela kuno!" ndipo kunabwera munthu wina.

Nkhani pamzere wa mathiraki imayenda msanga kuposa mathirakiwo. Pofika mawa lake kapusi inalibenso ntchito. Ulemu unandigwera ngati matenda. Madalaivala omwe dzana lomweli ankandiponyera makiyi anayamba kundipatsa moni atagwira chigongono. Ankandipatsa mpando. Ankandifunsa ngati mvula ibwere msanga chaka chino, ndipo ine ndinkayang'ana kumwamba n'kuyankha, poti wa imvi sanena kuti sakudziwa. Tili pakati pokambirana za mvulayo, ankakodola mnzanga wina n'kumutuma makala ine ndikuona. Anzangawo nawo sanandisiye.

"Agogo, mwapuma pantchito osatiitana kuphwando?"

"Penshoni ikatuluka mutikumbuke, agogo!"

Ndinkawadalitsa ndi dzanja. Madzulo ndinkabwerera kunyumba nditakhuta ulemu, m'thumba muli chitupa chokha. Ndiwo zinayamba kubwerezabwereza. Lero nkhwani, mawa nkhwani wotendera, mkuja nkhwani wokumbukira kuti dzulo anali wotendera. Mayi akunyumba ankatsitsa mbale mwamphamvu, phokoso lake n'kumamveka mpaka kumsewu. Ndinayamba kuganiza zobwerera kwa Zulu kukapempha kamunda kolima mtedza, koma khasu ndinasiyana nalo kale kuposa koleji, ndipo msana wanga unamva maganizowo n'kuyamba kuwawa pasadakhale.

Zilonda zitapola, Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi, ndinapita kuseri kwa nyumba, kuvundikira ndowa, kuvula malaya, n'kukhala. Pamwamba pa kabati panali patatsala kapaketi kamodzi. Mayi akunyumba anatuluka nako m'manja, koma majumbo sanavale.

"Bambo ake, mukufuna nkhope itupe?"

"Ndikufuna ndiwo zisinthe."

"Ndiye mukabisa kwa ndani? Kuyambira ku Chipata mpaka kudoko akudziwa kuti mutu wanu ndi woyera. Mukakatulukira mawa muli bii, sakanena kuti mnyamata wabwera. Akati mudala wapenga."

"Madalaivala atsopano sakudziwa."

"Adzauzidwa asanazimitse injini." Anatembenuza kapaketiko m'manja. "Mukanena kuti ndipake, ndipaka. Mutu ndi wanu. Koma ine ndatopa, bambo ake. Ndatopa ndi kununkha kwake, ndatopa ndi mapilo."

Ndinafuna kuyankha mwanzeru, monga munthu amene anaonako koleji. Koma nditaganiza zowerama, khosi linakana lisanayambe. Ndinaganiza za ma Lamulungu onse amene atsala m'moyo wanga, aliyense ali ndi ndowa yake, mswachi wake, kuyabwa kwake, ndipo ndinamva kutopa kumene sikutha ndi kugona. Sindinanene kuti pakani. Sindinanene kuti lekani. Ndinangokhala pandowapo ndikuyang'ana nkhuku, mpaka iwo anati akuifuna ndowayo, achapiremo. Chigamulo chachikulu cha moyo wanga chinathera pamenepo.

Ndikuvala malaya, anandiponyera mawu atawerama pandowa paja.

"Ngati mukulowera kumsewu, mchere watha."

Sindinali kulowera kumsewu. Koma ndinapezeka ndili kumsewu, mchere uli m'manja, ndipo ndili pomwepo ndinaima. Mayi amenewa sananditumepo kuyambira pomwe tinakwatirana. Mkazi woleredwa bwino wa ku Chiosya satuma mwamuna wake. Komabe palibe munthu padziko lino amene ndamugulira mchere, machesi ndi sopo kochuluka kuposa iwowa.

Wa simenti uja atabweranso, ndinapita kukaima pafupi ndi thiraki yake, opanda kapusi. Tinapatsana moni wautali wa anthu olemekezana. Nditakana mpando, ndinayang'ana kumapiri n'kulankhula ngati ndikuuza mphepo.

"Ine ndikulowera chakumsika. Ndili ndi tinthu tanga kumeneko."

Anandiyang'ana. Anayang'ana mbaula yake yopanda makala. Anakanda m'mutu mwake mwakudamo.

"Ba mudala, ngati muyenda kwamene kuja... ngati sichingakuvuteni..."

"Sichingandivute."

"Tumakala chabe. Na tomato. Na mayunitsi." Anatsokomola. "Na manzi, ngati mupitila ku mjigo."

Mjigo uli kumadzulo, msika uli kummawa.

"Ndidutsira komweko," ndinatero.

Nditabwerako anandipatsa ndalama yanga ndi manja awiri, n'kunena kuti ndi ya sopo chabe, ndisakane. Sindinakane. Wa thiraki yoyandikana nayo anaona zonse, ndipo mawa lake anandifunsa mwaulemu ngati mwina ndili ndi ulendo wa kufotokope.

Sindinama kuti zinthu zinabwerera mwakale. Madalaivala ambiri, makamaka achinyamata, akandiona amayang'anabe kumbali n'kuitana wina. Ntchito inachepa, ndipo yomwe ilipo imachedwa, chifukwa ulendo uliwonse umayamba ndi kufunsana za kunyumba ndi za mvula. Nkhwani sanachoke pakhomo pathu, kungoti masiku ena amapeza mnzake. Kapaketi kaja kakadali pamwamba pa kabati, poti kwathu sititaya chinthu chogula, koma mswachi uja tsopano ukutsuka nsapato.

Masiku ano sinditumidwa. Ndine bambo wolemekezeka amene m'mawa uliwonse amakhala ndi tinthu take kumsika, kumjigo, kufotokope ndi kwa amayi ochapa maovolosi, ndipo amabwerako atasenza za anthu ena. Mawondo okha ndi amene sanauzidwe kuti ndinakwezedwa.