Malume a Sanda

Loweruka lililonse a Ilarie Bodnar ankatsika ndi ndowa ndi kansanza kupita pa mphambano pamene msewu waukulu umatsetserekera m'tauni. Pafupi ndi maloboti panali mtanda wachitsulo wokhala ndi chithunzi cha Sanda, mtsikana wasukulu amene anafera pomwepo basi itamugunda ali panjinga. A Ilarie ankapukuta fumbi n'kuyatsa kandulo. Mabasi akamatsika mabuleki akulira, iwo ankatsinzina.

Makolo a Sanda, amene anazika mtandawo, anatsikira kulichete kalekale. Anthu a m'tauni muno sachedwa kuiwala, ndiye poona nkhalamba ikusamala mtanda zaka makumi awiri anangoitcha malume a Sanda. Iwo sanavomere, sanakanenso.

Chaka chino khonsolo inapachika mapu pakhomo pake. Maloboti achotsedwa, pabwera raundabauti, ndipo msewu wotsetserekawo aukhotetsa kuti magalimoto azifika pang'onopang'ono. A Ilarie anayendetsa chala pamapupo mpaka chinaima pamalo pa mtanda. Panali phula lokhalokha. Mantha anawagwira, ngati a tsiku la ngozi lija.

Loweruka lotsatira anapeza mayi wachitsikana wa ku khonsolo, dzina lake Otilia, akuwadikira ndi fomu.

"Agogo, ndinu malume aja eti? Mwandipulumutsatu, miyendo yatha n'kufufuza abale. Wachibale akasaina, mtandawu tiusamutsira pakapinga, pakati pa raundabauti. Popanda wosaina upita ku zitsulo zakutha."

"Pakapinga si pamene anagwera. Anagwera apa, mutu cha uku."

"Ndamva, agogo, koma apa padutsa malole. Sainani musanandiumitse ndi mphepoyi. Pamzerepa tilembe ubale wanu ndi malemu."

Kunama kunali kosavuta, liwu limodzi lokha mtanda n'kupulumuka. Koma chithunzi chija chinkawayang'ana, ndipo bodza lawo linali lisanalembedwepo papepala. Khoti linawapeza osalakwa pa imfa ya Sanda, linati vuto linali la kutsetsereka kwa msewu. Mawu amenewo sanawagonetse tulo ngakhale tsiku limodzi.

"Mwana wanga, ine si malume ake. Lemba kuti ndine amene ndinkayendetsa basiyo."

Otilia anawayang'ana, n'kuyang'ananso mtanda wowala ngati mbale yotsukidwa kumene. Anatembenuza fomu kuona kuseri, n'kuibwezanso.

"Pano palibe malo olemba zimenezo," anatero motsitsa mawu. Analemba kuti malume, n'kuwapatsa cholembera. "Sainani apa."

A Ilarie anasaina. Otilia anapinda pepala n'kuwoloka msewu osacheuka. Zaka makumi awiri a Ilarie anasunga mawu aja kuti adzauze munthu, ndipo munthuyo anapita nawo osawalemba. Basi ya ku siteshoni inatsika mabuleki akulira. A Ilarie anaviika kansanza m'ndowa n'kuyambiranso kupukuta nkhope ya Sanda.