Makina a soseji a mlamu wanga

Lachiwiri lapitali mlamu wanga, mchimwene wake wa malemu mkazi wanga, anandiimbira foni. "Alamu, tabwerani. A zaumoyo akufuna kunditsekera."

Mlamu wangayu amapanga soseji m'kanyumba kena kuseri kwa msika pa Boma. Amathira mchere, amafukiza utsi, ndipo madalaivala a mathiraki opita kuboda amamudziwa bwino. Koma kawiri tsopano anthu atsegula m'mimba atadya soseji zake, ndipo kawiri konse a zaumoyo atayeza nyamayo anapeza tizilombo tomwetomweto. Anamuchenjeza kuti akapezanso tizilomboto kachitatu, chitseko chitsekedwa.

Ndinamupeza akukolopa ndi akazi ake. Pansi pakuwala, matebulo akununkhira sopo.

"Onani nokha, alamu. Muno ndi mwauve? Ngakhale kutchalitchi sakolopa chonchi."

"Za kutchalitchi mwazidziwa bwanji," anatero akazi ake, "inu olowa ulaliki utatha?"

Pakona panali makina ogayira nyama, ofunditsidwa chitenje chochapa bwino. Mayi wa zaumoyo atafika anavundukula chitenjecho n'kufunsa kuti makinawo anamasulidwa liti komaliza.

"Kumasula?" anadabwa mlamu. "Mmisiri amene anawamanga anachokera ku Chipata, ndipo anati tisakhudze mabawuti. Anabwerera kwawo kalekale. Ife timapukuta kunja, n'kuthiramo madzi otentha. Mabawutiwo akakana kubwereramo, ndikamupeza kuti munthuyo?"

Mayiyo anapempha sipanala. Mlamu anatuluka panja, sakanatha kuonerera. Ine ndinagwira beseni.

Kuseri kwa mpeni wozungulira kunali mafuta akuda, owundana ngati phula. Fungo lake sindilemba. Mayiyo anafotokoza modekha kuti tizilombo tina sitiopa mchere, sitiopanso kuzizira kwa firiji. Timamanga mudzi m'ming'alu momwe chiguduli sichifika, ndipo nyama iliyonse yodutsa pamenepo imatinyamula. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kodi mlamu wanga ndi waulesi? Ayi. Munthuyu amadzuka atambala asanalire. Chimene chinamupweteka ndi ulemu. Ife kuno chinthu chodula timachilemekeza mpaka kuopa kuchitsegula. Timachifunditsa, timachipukuta, ana timawaletsa kuchiyandikira, ndipo timati tachisamala. Pitani m'mabutchala, m'zigayo, m'magolosale momwe muli mafiriji. Ndi angati amene anayang'anapo m'kati?

Sindingamuweruze. Makina osokera a mkazi wanga ali m'chipinda, ofunditsidwa kuyambira tsiku la maliro. Ndimawapukuta Loweruka lililonse, koma sindinawatsegulepo. Kusiyana kwake n'kwakuti makina angawo sadyetsa mwana wa munthu.

Patapita nthawi mlamu analowanso. Anayang'ana m'beseni, kenako anatenga yekha soseji zonse za sabatayo n'kukazikwirira kudzala. Atabwerako, mayi uja anayala zitsulo za makinawo, zitatsukidwa, pa tebulo motsatana, n'kumupatsa sipanala.

Koyamba anabweza mpeni chagada. Kachiwiri bawuti imodzi inatsalira m'manja. Kachitatu makina analira bwinobwino, ndipo akazi ake anawomba m'manja pang'ono.

Mayiyo anati kalata yotsekera aisunga kaye m'chikwama mpaka adzayezenso.

"Ndiye tizimasula chonchi mwezi uliwonse?" anafunsa mlamu, thukuta lili kamukamu.

"Tsiku lililonse, bambo."

Mlamu anandiyang'ana kuti ndimuthandize kudandaula. Ine ndinamuuza kuti mawa ndibwera mmamawa, tidzamasule limodzi.