Manda a mayi ndinayamba kukumba ndekha

Zaka zija alendo atayamba kuchuluka pachilumba cha Likoma, chaka cha 2000 chisanakwane, ndinalembedwa ntchito pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Kwathu ku Khuyu anthu ankandiyang'ana ngati ndatola chikwama. Ndinkavala malaya oyera, ndinkaperekera zakudya, ndipo mayi anga ankauza aliyense wodutsa kuti mwana wawo amadya za azungu. Za azungu zakezo zinali zotsala m'mbale.

Nthawi yoyambira ntchito inalipo, koma yoweruka kunalibe. Mlendo womaliza akati wakhuta, m'pamene tinkavula malaya oyera aja. Ofu yanga inali Lachiwiri masana, ndipo sitima ikabweretsa alendo, Lachiwirilo linkalowa m'madzi.

Mlendo wina wachikulire, atagona pamchenga miyendo ili tasa, anandifotokozera mbiri ya kwawo. Ankati agogo ake ankagwira ntchito m'mafakitale kuyambira mbandakucha mpaka mdima, anthu ananyanyala, ena anamenyedwa, mpaka boma linavomera maola asanu ndi atatu, kenako kupuma Loweruka ndi Lamulungu lomwe. Pomaliza anati ife apachilumba ndife amwayi, chifukwa sitidziwa kuthamangitsidwa ndi wotchi. Ndinamwetulira, poti kumwetulira kunali gawo la ntchito. Mumtima ndinatukwana, ndipo miyendo inali itatupa.

Kwathu mwamuna aliyense ndi mdzukulu. Belu la maliro likalira, umasiya ukonde kapena chinangwa, n'kunyamula khasu kupita kumanda. Nthaka ya ku Likoma ndi miyala yokhayokha, manda amodzi amafuna manja ambiri. Koma imfa sidikira Lachiwiri masana. Ndikapempha chilolezo, bwana wa lojiyo ankafunsa ngati womwalirayo ndi bambo anga kapena mayi anga. Ndikati ndi mnansi, ankaloza kukhitchini. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho, anzanga akukumba, ine ndikupukuta matambula.

Mayi anamwalira mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ulendo uwu bwana anandilola, poti yankho la funso lake lija linali litapezeka. M'mawa ndinapita kumanda ndipo ndinapeza amuna onse a m'mudzi atakhala pansi pa mlambe, makasu ndi mapiki ataunjika patsogolo pawo. Mkulu wa adzukulu, bambo wina msodzi amene ankapita kunyanja ndi malemu bambo anga, anandilozera malo ndi ndodo.

"Apa mpamene wagone amako. Yamba."

"Bambo, ndine ndekha?"

"Wekha. Wanzako wakalira iwe umakhala kuti? Maliro n'kulirana, mwana wanga. Ife leroli tili pa ofu."

Ena anaseka, ena anawerama. Ndinatola piki. Manja ozolowera mbale sachedwa kuphulika matuza, ndipo dzenje litangofika m'mawondo ndinakumana ndi thanthwe. Piki inkangobwerera, magazi akuyenderera pampini. Kusiwa azimayi anali atatha nyimbo zonse n'kuyambiranso, ansembe atatumiza kale uthenga wofunsa, ndipo m'kutentha kumene kuja thupi silikanadikira tsiku lina. Mchemwali wanga anabwera akulira n'kugwada pamaso pa mkuluyo.

"Mayi wathu analakwanji? Pamaliro panu ponse ankaphika ndi iwowa!"

Mkuluyo anayang'ana manja anga kwa nthawi, kenako anadzuka n'kutenga mgwala, chitsulo chophwanyira miyala, ndipo anzake anamutsatira. Tinaika mayi dzuwa litapendeka kwambiri, anthu ochokera ku Mbungo atabwerera kale osaona bokosi likutsika. Chimenechi chimandiwawa mpaka lero. Mayi amene anasenza nkhuni kupita nazo ku maliro a mudzi wonse anaperekezedwa ndi anthu ochepa ngati mlendo.

Patatha milungu ingapo belu linaliranso. Anali mkazi wa mkulu wa adzukulu yemwe uja. Ndinali nditanyamula thireyi ya tiyi. Ndinaiika patebulo, ndinavula malaya oyera, n'kupita osapempha. Tsiku limenelo ndinakumba kuposa wina aliyense, mwina chifukwa cha mkwiyo.

M'mawa mwake bwana anandiuza kuti ntchito yatha. Analankhula ali khale pampando wake wa ndalema, kapu ili m'manja. Anati vuto la anthu apachilumba pano ndi ulesi, timakonda maliro kuposa ntchito. Ndinafuna kumuonetsa zikhatho zanga, koma ndinaona kuti n'kutaya nthawi.

Ndinabwerera kuukonde ndi kuchinangwa, kumene kulibe woweruka, komanso kulibe wokufunsa kuti wamwalirayo ndi ndani wako. Malo anga pa loji sanakhalitse opanda munthu. Sabata isanathe anali atalowapo mwana wamwamuna wa mkulu wa adzukulu uja, ndipo bambo ake ankauza aliyense pa msika wa ku Chipyela kuti mwana wawo wapeza ntchito yabwino. Chiyambire pamenepo mnyamatayo sindinamuonepo kumanda, ndipo palibe anamutchulapo pansi pa mlambe.

Bambo akewo akalamba tsopano, akuyenda ndi ndodo ziwiri. Tsiku lawo likadzafika ndidzanyamula khasu langa ngati mwa masiku onse, ndidzakakhala pansi pa mlambe uja, ndipo mwana wawo akadzafika ndi malaya ake oyera ndidzamulozera malo.